Za Msonkho wa Okhala Kunja ndi wa Makontrakitala Omanga

 Madzulo ano tikamba za msonkho. Sitikamba za msonkho wonse ai, koma za anthu a magulu awiri amene msonkho umawagwera modzidzimutsa. Woyamba ndiye munthu amene akhala kunja kwa dziko lino koma ali ndi cuma kuno kwao. Waciwiri ndiye munthu amene alandira nchito yomanga, amene timucha kontrakitala.

Ambiri a inu muli ndi mbale ku South Africa, ku Botswana kapena ku Britain amene anakusiyirani makiyi a nyumba yace. Ambirinso, nchito ya pamgodi itatha, munatenga ndalama zanu zotsiriza ndi kugula mafosholo, mawilibala ndi cikombole ca njerwa, ndipo tsopano muli kufuna-funa makontrakiti. Nkhani iyi ndi yanu.

Mwina mufunsa cifukwa cace taika anthu awiriwa pamodzi. Cifukwa ndi ici. Munthu wa nchito ya pamwezi sabvutika ndi msonkho, pakuti kalaliki wa kampani amadula PAYE malipiro asanafike m'manja mwace. Koma wokhala kunja ndi kontrakitala alibe kalaliki wowadulira. Ayenera kukhala akalaliki a iwo eni, ndipo akaiwala, palibe wina wowakumbutsa kufikira tsiku limene kalata ya ngongole ifika.

KALE MSONKHO UNALI KUTSATA MUNTHU

Akulu-akulu akumbukira zimene makolo ao anawauza. Msonkho wa nyumba unayamba kukhomedwa m'cigawo ca kum'mawa, cimene cinali kuchedwa North-Eastern Rhodesia, m'caka ca 1901, pamene kampani ya British South Africa inali kulamulira dziko. Msonkho umenewo sunali kufunsa kuti munthu wapata zingati. Unali kuwerenga nyumba, ndipo pambuyo pace mitu ya amuna. Popeza kumidzi kunalibe ndalama, amuna anacoka kukafuna masheleni ku Southern Rhodesia, ku Katanga ndi ku Joni. Ngakhale anali kutali, maina ao anatsala m'buku la ku boma, ndipo msonkho unali kuwadikira.

M'mwezi wa May 1935 boma linakweza msonkho wa amuna okhala ku migodi kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s., ndipo anchito anauzidwa mwadzidzidzi, popanda kuwafotokozera bwino. Anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope analeka nchito. Ku Luanshya apolisi anaombera mfuti, anthu 6 nafa. Zimenezi zitikumbutsa kuti msonkho wosafotokozedwa umabala mabvuto akulu.

Msonkho wa masiku ano uli ndi maziko ena. Lamulo lace lalikulu, Income Tax Act, linapangidwa m'caka ca 1966, ndipo lakonzedwa kambiri. Bungwe losonkhetsa, Zambia Revenue Authority kapena ZRA, linayamba nchito m'caka ca 1994. Lamuloli siliwerenga mitu ya anthu. Limafunsa mafunso awiri: ndalama ndi zingati, ndipo zabadwira kuti?

NDALAMA IKHOMA KUMENE YABADWIRA

Funso laciwirilo ndilo mutu wa nkhani yonse. Ndalama yobadwira mu Zambia ikhoma msonkho mu Zambia, kaya mwini wace agona ku Kitwe kaya ku London. Pasipoti si ndiyo imaweruza. Mmisiri wocokera ku Peru kapena ku China amene agwira nchito pa mgodi wa Kansanshi ku Solwezi amadulidwa PAYE kuno, cifukwa thukuta lace lagwera kuno. Comweconso mwana wathu amene agwira nchito ku migodi ya Rustenburg amakhoma kwa osonkhetsa a ku South Africa, ochedwa SARS, ndipo ZRA sifunsa kanthu pa malipiro amenewo. Osiyana ndi awo amene atumidwa kunja ndi boma lathu, monga anchito a m'nyumba za akazembe: malipiro ao amawerengedwa ngati obadwira kuno.

Si maiko onse amacita cotero. Dziko la United States limafunsa nzika zace ngakhale zikhale kuti. Kuyambira m'caka ca 2016 malamulo akulu a Zambia alola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Tsono amene anatenga unzika wa ku United States, nabwera kudzakhala ku Ndola, ayenerabe kutumiza mapepala a msonkho kumeneko caka ndi caka.

Lamulo limasiyanitsanso munthu wokhala muno ndi mlendo. Caka ca msonkho ciyamba pa 1 January ndi kutha pa 31 December. Munthu amene wakhala m'dziko lino masiku 183 m'cakaco, kapena amene wabwera ndi mtima wokhazikika, awerengedwa wokhala muno. Kusiyanaku kuli ndi phindu lace. Wokhala muno amakhomanso pa ciongoladzanja ndi pa magawo a phindu la makampani zimene alandira kucokera kunja. Wosakhala muno sakhoma pa zimenezo, koma pa zina za muno amadulidwa zambiri: kuyambira m'caka ca 2019, pa magawo a phindu la kampani ya muno, wokhala kunja anayamba kudulidwa K20 pa K100 iriyonse, pamene wokhala muno adulidwa K15. Cifukwa cace munthu wopita-pita pakati pa maiko awiri asunge bwino madeti a m'pasipoti mwace, pakuti ndiwo mboni yace.

NYUMBA YA MBALE WANU

Ndalama zimene mwana atumizira amai ace kuti agule unga ndi ndiwo ndi mphatso, ndipo amaiwo sakhoma msonkho pa izo. Koma ndalama zomwezo zikasanduka nyumba ku Chimwemwe kapena ku Chawama, ndipo m'nyumbamo mukalowa munthu wolipira lendi, nkhani yasintha. Lendi imeneyo yabadwira mu Zambia.

Apa mpamene ambiri amapunthwa, cifukwa lamulo linasintha iwo ali kutali. Kufikira kumapeto kwa 2021, wokhala m'nyumba ndiye anali ndi udindo wodula K10 pa K100 iriyonse ya lendi ndi kupereka ku ZRA. Kuyambira January 2022 udindowo unapita kwa mwini nyumba. Pamene lamulo latsopanoli linayamba, amene lendi yace yonse sinapitirire K800,000 pa caka anali kukhoma K4 pa K100, ndipo opitirira pamenepo K12.50 pa K100. Tinene kuti nyumba ilipidwa K3,000 pa mwezi. Msonkho wace pa muyeso wa 2022 unali K120 pa mwezi, ndalama zosaopsa konse. Koma mwini nyumba ali ku Gaborone aganiza kuti wokhalamo ali kudula monga kale. Wokhalamo aganiza kuti mlongo wotolera lendi ali kulipira. Mlongoyo sadziwa n'komwe kuti pali cina colipira. Zaka zipita, ndipo mlandu suola. Pamwamba pa msonkhowo pamaikidwa cilango ndi ciongoladzanja, mwezi ndi mwezi.

Tsono inu amene musunga nyumba ya mbale, citani izi. Onetsetsani kuti mwini nyumba ali ndi nambala yace ya msonkho, imene aicha TPIN. Ali kunja komweko akhoza kuitenga ndi kulipira kudzera pa intaneti. Msonkho wa lendi ya mwezi uno uyenera kufika pofika pa 14 mwezi wamawa. Musaiwalenso kuti pali zina ziwiri zosapita ku ZRA: ndalama za nyumba zopereka ku khonsolo ya tauni, ndi lendi ya nthaka yopereka ku Unduna wa za Malo.

Tsiku logulitsa nyumba ndilo tsiku limene zobisika zonse zimaonekera. Wogulitsa ayenera kulipira msonkho wosinthira mwini wa malo, wochedwa Property Transfer Tax, umene unali K5 pa K100 kufikira 2024 ndipo unakwera kufika K8 pa K100 mu January 2025. Pa nyumba ya K500,000 ndiye kuti K40,000. Dzina pa cikalata ca malo silisinthidwa ZRA isanapereke pepala losonyeza kuti msonkhowo walipidwa. Munthu wobwera ndi chuti ca masabata atatu kuti agulitse nyumba msanga akhoza kubwerera kunja nyumba isanagulitsidwe.

KUKHOMA KAWIRI

Wina anena kuti, "Nanga ngati dziko limene ndikhala lifunanso msonkho pa lendi yomweyo?" Funso limeneli n'loona. Maiko monga Britain ndi South Africa amafunsa munthu wokhazikika kwao za ndalama zace zonse, ngakhale zobadwira kwina. Pofuna kuti munthu asametedwe kawiri, maiko amapangana mapangano. Zambia iri nao mapangano otere ndi maiko angapo, monga South Africa, Botswana, Tanzania, Kenya, India, China ndi Britain. Pangano latsopano ndi Britain linasainidwa m'caka ca 2014. Pa nkhani ya nyumba ndi malo, mapanganowa amapatsa mwai woyamba dziko limene nyumba iri. Dziko linalo limacotsa pa msonkho wace zimene munthu walipira kale kuno. Koma silicotsa pa mau a pakamwa. Lifuna lisiti. Wopanda lisiti alipira kawiri, ndipo palibe womudandaulira.

Abale athu ena amene ali ku Britain amagwira nchito yomanga modziimira okha. Kumeneko kuli dongosolo lochedwa Construction Industry Scheme. Kontrakitala wamkulu amadula £20 pa £100 iriyonse ya malipiro a nchito ya mmisiri wolembetsa, koma kwa wosalembetsa amadula £30. Kusalembetsa kumadya £10 pa £100 iriyonse kufikira munthuyo atakonza mapepala ace. Izi zitifikitsa pa gulu lathu laciwiri, omanga a kuno kwathu.

MAKALATA A KONTRAKITALA

Kudziwa kuyala njerwa molunjika ndi luso, koma luso lokha silipatsa munthu kontrakiti ya ku mgodi, ya ku khonsolo kapena ya sukulu ya boma. Pafunika makalata. Dzina la bizinesi kapena kampani lilembedwa ku PACRA. Nambala ya TPIN itengedwa ku ZRA. Ndiponso kontrakitala alembetsa ku National Council for Construction, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, lamulo limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2020. Bungweli limaika makontrakitala m'magiredi 6: woyamba kumene alowa giredi 6, ndipo makampani akulu omanga miseu ndi milatho ali mu giredi 1.

Pamwamba pa izi pali kalata imene imatsegula kapena kutseka khomo, Tax Clearance Certificate. Imasonyeza kuti munthu alibe mlandu ndi ZRA. Opereka nchito zikulu-zikulu amaifunsa musanayambe kukamba za mtengo. Amene anabisala caka catha apeza kuti wadzitsekera yekha nchito ya caka cino.

MSONKHO WOSAFUNSA PHINDU

Kontrakitala wamng'ono kawiri-kawiri amakhoma msonkho wochedwa Turnover Tax. Mvetsetsani bwino apa, pakuti ambiri agwa pomwepa. Msonkho umenewu suwerengedwa pa phindu ai, koma pa ndalama zonse za malonda, kaya mwapindula kaya mwaluza. Kufikira 2024 unali K4 pa K100, kwa amene malonda ao sanapitirire K800,000 pa caka. Mu January 2025 unakwera kufika K5 pa K100, ndipo malire anakwezedwa kufika K5,000,000.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Munthu wapatsidwa nchito yomanga mpanda wa njerwa pa mtengo wa K200,000. Simenti, mcenga, miyala, mabuloko ndi zitsulo zadya K130,000. Amisiri ndi othandiza alandira K45,000. Galimoto yonyamula katundu yatenga K10,000. Zotsala ndi K15,000, ndipo munthuyo akondwa kuti ndilo phindu lace. Koma K5 pa K100 iwerengedwa pa K200,000 yonse, ndiye kuti K10,000. Cimene catsala m'thumba ndi K5,000 cabe pa nchito ya miyezi iwiri. Simenti ikakwera mtengo pakati pa nchito, ngakhale K5,000 imeneyo ipita, koma msonkho sutsika. Walira mvula walira matope: wofuna kontrakiti alandirenso msonkho wace. Nzeru ndiyo kuika msonkho m'mtengo musanasaine, ndi kuupatula tsiku lomwelo limene malipiro afika.

Pepala la msonkho umenewu liperekedwa mwezi uliwonse pofika pa 14. Mwezi umene simunagwire nchito, pepala liperekedwabe, lonena kuti palibe cimene mwapata. Ambiri amaganiza kuti kukhala cete ndiko kunena kuti kunalibe nchito, koma kwa ZRA kukhala cete ndi kucedwa, ndipo kucedwa kuli ndi cilango.

Kampani yaikulu yopitirira malire aja imakhoma pa phindu leni-leni, itacotsa zonse zimene yaononga pa nchito. Msonkho wa makampani unatsika kucokera pa K35 kufika pa K30 pa K100 m'caka ca 2022. Kampani yotere imalipira kanai pa caka moyerekeza, ndipo pofika pa 21 June imapereka cifotokozo conse ca caka catha. Apa lisiti iriyonse ya thumba la simenti ndi ndalama, pakuti cimene mulibe umboni wace sicicotsedwa.

NDALAMA ZA ENI

Pali ndalama zina zimene zimadutsa m'manja mwa kontrakitala koma si zace. Yoyamba ndi VAT, imene inayamba m'dziko lino mu 1995, ndipo muyeso wace ndi K16 pa K100. Amene malonda ace akula ayenera kulembetsa VAT. Mu 2024 malire ace anali K800,000 pa caka. Wolembetsa amaonjeza K16 pa K100 iriyonse ya mtengo wace, nacotsa VAT imene analipira pogula zipangizo, napereka zotsala ku ZRA pofika pa 18 mwezi wotsatira. Kuyambira July 2024 olembetsa VAT analamulidwa kulemba mapepala ao a mtengo kudzera m'makina a ZRA ochedwa Smart Invoice, kotero kuti osonkhetsa amaona malonda tsiku lomwelo. Kontrakitala amene atenga VAT nagulira galimoto wadya za eni, ndipo eni ace adzabwera.

Zina ndi za anchito. Inu amene munali pamgodi mukumbukira m'mene munali kuyang'anira pepala la malipiro, ndi m'mene munali kukwiyira mukamva kuti kontrakitala wina sanapereke ndalama za penshoni za anthu ace. Tsopano kalaliki ndinu. Wanchito amene alandira zopitirira malire ayenera kudulidwa PAYE. Mu 2024 malire amenewo anali K5,100 pa mwezi. Ku NAPSA wanchito apereka K5 pa K100 ndipo wolemba nchito aonjeza K5 yace. Ku NHIMA, ya cithandizo ca kucipatala, aliyense apereka K1 pa K100. Wolemba nchito aperekanso yekha ngwee 50 pa K100 ya malipiro onse, zophunzitsira amisiri, kuyambira 2017. PAYE ndi NAPSA ziyenera kufika pofika pa 10 mwezi wotsatira.

Cina cosayenera kuiwala ndi Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lace liri ku Ndola. Nchito yomanga ndi yoopsa. Munthu akagwa pa makwerero nathyoka msana, bungweli ndilo limamulipira. Kontrakitala amene sanalembetse anchito ace adzaimirira yekha pamaso pa lamulo ndi pamaso pa banja la wopwetekayo.

KONTRAKITALA WOCOKERA KUNJA

Nthawi zina nchito imafuna kampani ya kunja, monga yokumba mgodi wakuya kapena yoimika makina akulu. Boma lidziwa kuti kampani yotere ikamaliza nchito idzakwera ndege, ndipo kuilondola n'kobvuta. Cifukwa cace lamulo limagwira ndalama zisanaturuke. Wolipira kontrakitala wosakhala muno ayenera kudula gawo lace ndi kulipereka ku ZRA. Mu 2024 gawolo linali K20 pa K100. Akaleka kudula, ngongoleyo igwera iye. Tsono inu amene mubwereka mmisiri kapena kampani ya tsidya lina la malire kuti ikuthandizeni, funsani za kudula musanalipire. Kampani ya kunja ikakhala pa malo omanga nthawi yaitali, kawiri-kawiri kupitirira miyezi 6, iwerengedwa ngati yokhazikika muno, ndipo imalembetsa ndi kukhoma pa phindu lace monga makampani ena.

PAMENE AWIRIWA AKUMANA

Anthu athu awiri aja amakumana pa maziko a nyumba. Mbale ali kunja atumiza ndalama, kontrakitala amanga, ndipo inu muli pakati. Maubale ambiri asweka pa nyumba zotere, ndipo kawiri-kawiri cifukwa cace si kuba koma kusowa kwa mapepala. Pangano lilembedwe, ndipo linene poyera ngati msonkho uli kale m'mtengo kapena ai. Kontrakitala apereke lisiti yokhala ndi TPIN yace pa ndalama iriyonse. Cikalata ca malo cikhale m'dzina la mwini weni-weni. Mapepala onse asungidwe zaka 6, pakuti ndizo zaka zimene lamulo lifuna. Kabokosi kacitsulo kosalowa ciswe ndi madzi n'kokwanira.

Dziwaninso kuti ziwerengero za msonkho zimasintha. Nduna ya za Cuma imawerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo cakumapeto kwa caka, ndipo zosinthazo zimayamba pa 1 January. Ndico cifukwa cace ciwerengero ciri conse tacichula pamodzi ndi caka cace. Musanasaine kontrakiti, musanaike munthu m'nyumba, musanagulitse malo, pitani ku ofesi ya ZRA ya m'tauni mwanu mukafunse muyeso wa caka cimeneco. Kufunsa kulibe malipiro, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Amene ali kale ndi ngongole asabisale: apite yekha akakambirane za kulipira pang'ono-pang'ono, pakuti cilango cimakula mwezi uliwonse umene acedwa.

Mukamalembera kapena kuimbira lamya abale anu a kunja sabata lino, auzeni zimene mwamva, maka-maka za lendi.